Amitriptyline: zimene andichita pa ululu wa mapazi, maganizo ndi nkhawa

Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina mu Limbe, ndipo makina anga ndi opalasa ndi phazi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa amitriptyline ndamuyeza ndi muyezo wa ntchito yanga: kodi ndikutha kukhala pa makina n'kumaliza diresi la mwini wake pa tsiku limene tinapangana? Pamenepo mankhwalawa akhoza. Koma andilipiritsa, ndipo malipiro akewo ndi amene anthu ambiri sauzidwa pawindo lolandirira mankhwala, pomwe mzere umakhala wautali ndipo wopereka amangoti "m'bulu umodzi usiku, wina abwere."

Ndili ndi matenda a shuga ndipo ndimamwa metformin. Shuga akakhala wokwera kwa zaka amawononga mitsempha yonyamula uthenga, kuyambira imene ili kutali kwambiri ndi msana, n'chifukwa chake vuto limayambira kuzala za kumapazi n'kumakwera pang'onopang'ono. Kwa ine masana linali dzanzi. Ndinkapalasa makina osamva bwino chopondera, moti liwiro ndinkalidziwa ndi khutu, osati ndi phazi. Usiku ndiye kunali kuyaka, ngati ndaponda phulusa lamoto, ndipo nthawi zina china chake chinkabaya chala chachikulu mwadzidzidzi mpaka mwendo kudumpha wokha. Bulangete likangokhudza, ululu. Ndinkatulutsa mapazi kunja kwa neti, udzudzu n'kumachita phwando, kenako n'kudzuka kukawaviika m'beseni la madzi ozizira mpaka atambala.

Panado ndinamwa, Brufen ndinamwa, indosidi ndinamwa. Palibe chimene chinasintha. Adokotala a kukiliniki ya shuga atamva za indosidiyo anagwira mutu. Anati mankhwala amenewo amalimbana ndi kutupa, pomwe mapazi anga sanatupe ndipo alibe bala. Mtsempha weniweniwo ndi umene wawonongeka ndipo ukutumiza ku ubongo uthenga wa moto pamene palibe moto. Anawonjezera kuti munthu wa shuga impso zake zimakhala kale pachiswe, ndiye kumwa Brufen ndi indosidi tsiku ndi tsiku n'kuziwonjezera katundu.

Za maganizo sindinapite nazo kuchipatala ine. Zinatulukira komweko. Munthu wosagona kwa miyezi amasintha, ndipo nthawi yake inagwirizana ndi kugwa kwa kwacha mu November 2023, pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ulusi, mazipi, layiningi, mabatani, zonse zinakwera, makasitomala ambiri n'kuthawira ku kaunjika. Mayi a kunyumba anali atatenga ngongole kubanki m'khonde kuti tigule nsalu za yunifolomu, ndipo tsiku lobweza linkabwera sabata iliyonse osajomba. Ndinasiya bawo. Ndinasiya kwaya. Nsima ndinkangoitsina kawiri n'kusamba m'manja. Foni ikalira mtima unkagunda mpaka kukhosi, poganiza kuti ndi mwini chitenje amene ndamuchedwetsera, ndipo ndikaona mayi akubwera ndi jumbo m'manja ndinkalakalaka nditabisala kuseri kwa sitolo. Telala wothawa kasitomala, tangoganizani.

Anamwino ndi amene anandifunsa mafunso asanu ndi anayi, a pa pepala lotchedwa PHQ-9, onse okhudza masabata awiri apitawo: tulo, chakudya, mphamvu, chidwi pa zinthu zimene ndinkakonda. Lomaliza anafunsa atatsitsa mawu. "Bambo, kodi maganizo oti bola kungofa amakubwererani?" Palibe amene anandifunsapo zoterozo chibadwire, ndipo ndinayankha zoona. Atawerengetsa anandibwezera kwa adokotala, amene anati pali mankhwala amodzi amene angagwire mbali ziwiri, mapazi ndi maganizo, ndipo akupezeka kufamase ya chipatala chomwecho mosalipira.

Amitriptyline si mankhwala atsopano. Anavomerezedwa ku America mu 1961, ankagulitsidwa ndi dzina loti Elavil, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Anawapangira matenda a kukhumudwa, kenako madokotala anaona kuti pa mlingo wochepa amachepetsanso ululu wa mitsempha, ndiye lero amaperekedwa kwa a shuga ngati ine, kwa amene mashingozi anawasiyira ululu pakhungu, kwa ena a mutu waching'alang'ala, komanso anaperekedwa kwa ambiri amene mapazi awo anavulazidwa ndi ma ARV akale aja a stavudine. Amagwira ntchito pochititsa kuti serotonin ndi noradrenaline, timadzi timene mitsempha imatumizirana uthenga, tikhalitse pamalo pake. Vuto lake n'loti sasankha bwino pogwira. Amakhudzanso mbali zina za thupi zimene sanatumidwe, zoyendetsa malovu, matumbo, chikhodzodzo, maso ndi tulo, ndipo madandaulo anga onse achokera pamenepo.

Anandiyamba ndi m'bulu umodzi wa 25 mg, m'kathumba kapulasitiki kaja kojambulidwa dzuwa ndi mwezi, atachonga pa mwezi. Usiku woyamba ndinagona tulo tofa nato. Ululu unalipo ndithu, koma tulo tinaupambana mphamvu. Ndinadzuka dzuwa litakwera, mutu wolemera, miyendo yaulesi, ndipo pa makina ndinkangoyang'ana nsalu osadziwa poyambira. Sabata yoyamba yonse inali yotero, ndipo ndikumvetsa amene amawataya pamenepa n'kumati mankhwalawa amapusitsa. Nditadandaula, adokotala anati ndisamadikire nthawi yogona. Ndizimwa cha m'ma 7 koloko madzulo, tikangotha kudya, kuti kulemera kwa mutuko kuthere kutulo. Zinathandiza kwambiri. Ikamakwana 9 ndimakhala ndikusinza, nkhani za pa wailesi sindizimaliza, koma m'mawa ndimadzuka ndili munthu. Kulemera kwa mutuko kunachepanso kokha thupi litazolowera.

Chimene sichinachoke mpaka lero ndi kuuma m'kamwa, ndipo ndikhalitsapo chifukwa kwa telala si nkhani yaing'ono. Aliyense wosoka amadziwa kuti ulusi ukanyanyuka kunsonga umaunyowetsa ndi malovu, n'kuupotokola ndi zala, kenako n'kuulowetsa pa diso la singano. Ine ndinkauika pa lilime n'kutuluka wouma monga unalowera. Mapini amene timaluma pamilomo poyeza kasitomala ankamatirira, moti pochotsa ankachoka ndi kakhungu. Polankhula ndi kasitomala lilime linkagwira kunkhama, mawu n'kumatuluka ngati ndalawa, ine wosamwa mowa. Panopa pambali pa makina pamakhala botolo la madzi ndi kasiponji konyowa m'chivindikiro cha botolo la Vaseline, kogwiritsa ulusi. Mapini ndinawasamutsira pa kapilo kapadzanja.

Kwa munthu wa shuga kuuma kumeneku kuli ndi msampha wake. Ludzu ndi chizindikiro choti shuga wakwera, ndiye poyamba sudziwa ngati ndi mankhwala kapena matenda, mpaka utayezetsa. Ndiponso m'kamwa mouma mumafuna chotsekemera: Sobo, Fanta, siwiti, nzimbe. Mankhwalawo pawokha amawonjezera chilakolako cha chakudya, makamaka chashuga. Mayi wa mandazi amakhala mamita ochepa kuchokera pa makina anga, ndipo fungo limene kale silinkandiuza kanthu linayamba kundiitana ndi dzina. Tepi yanga yomwe inandiuza zoona, ndipo mathalauza anga ndawamasula m'chiuno ndekha. Poyamba kunenepako kunali kolandirika chifukwa ndinali nditatha, koma pano ndi nkhondo imene ndimamenya ndi mtedza wokazinga, nkhaka ndi tiyi wopanda shuga.

Maso nawo anachita chifunga pa zinthu zapafupi. Zakutali ndinkaona bwinobwino, koma diso la singano linkaoneka pawiri. Kwa kanthawi mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ndi amene ankandilowetsera ulusi, akuseka: "Madala, ukalamba wafika basi." Adokotala sanafune kungoimba mlandu mankhwala, poti shuga amawononganso maso, ndiye ananditumiza kukayezetsa ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens. Ndinabwerako ndi magalasi owerengera, ndipo ntchito inayambanso kuyenda. Kumeneko ndinamvanso kuti amene ali ndi mtundu wina wa glaucoma, matenda okweza mphamvu ya madzi m'diso, amitriptyline akhoza kuwavulaza, choncho ngati muli ndi vuto la maso nenani musanalandire.

Zina ndingodutsamo. Kudzimbidwa kunabwera, ndipo kunagonja ndi mgaiwa, masamba ambiri, papaya pang'ono ndi madzi. Chizungulire chimandigwira ndikadzuka mofulumira pa mpando, chifukwa mankhwalawa amagwetsa BP munthu akaimirira. Simbi yanga ndi yamakala, ndiye ndinaphunzira kuima kaye n'kugwira thebulo ndisanainyamule. Mkodzo umachedwa kuyamba. Kwa ine n'zopiririka, koma abambo amene prostate, kachiwalo kozungulira njira ya mkodzo, inakula kale akhoza kutsekeka nazo, ndipo zimenezo n'zothamangira nazo kuchipatala usiku womwewo.

Tsopano phindu lake. Kuyaka kwa mapazi kunayamba kutsika patatha masabata angapo, mosaonekera tsiku lenileni. Ndinangozindikira kuti beseni lija mayi a kunyumba alibwezera kubafa ndipo sindinalifunse. Ululu sunathe. Masiku ozizira a June ndi July, kapena ndikaima nthawi yaitali podula nsalu, umabwera kudzandikumbutsa kuti ulipo. Koma ndi ululu woti munthu n'kugona nawo, bulangete lili pamapazi, mapazi ali mu neti.

Dzanzi lokha silinasunthe ngakhale pang'ono, ndipo apa mpamene ndikufuna anzanga a shuga amvetse. Amitriptyline amatsitsa phokoso la mtsempha wowonongeka, koma saukonza. Pansi pa makina a telala pamagwa mapini ndi zidutswa za singano tsiku lonse. Madzulo ena ndikuvula patapata, mayi a kunyumba anaona kadontho ka magazi kouma pachidendene. Titayang'ana ndi tochi ya foni tinapeza pini atalowa theka, ine osamva kalikonse. Kwa munthu wa shuga kabala kotero ndi kamene kamadulitsa mwendo. Kuyambira pamenepo ndimasoka nditavala nsapato zotseka, ngakhale mu October, ndipo mapazi timawayendera usiku uliwonse, pansi ndi pakati pa zala. Kuchepa kwa ululu kusakunamizeni kuti shuga wagona. Metformin, kadyedwe ndi kuyezetsa zili pomwepo.

Maganizo anachedwa kuposa mapazi. Mlingo wa 25 mg umene unakwanira kuziziritsa moto sunakwanire kundidzutsa mumtima, ndipo adokotala anali atanena kale kuti kukhumudwa kumafuna mlingo wokulirapo, nthawi zambiri kuyambira 75 mg, komanso mwezi kapena kuposerapo usanaone kusintha. Anakweza pang'onopang'ono, 50 kenako 75, akundiyeza BP ndi kugunda kwa mtima ulendo uliwonse. Kukweza kulikonse kunkabweretsanso masiku a mutu wolemera ndi m'kamwa mouma kwambiri. Choyamba kubwerera chinali tulo, kenako njala, ndipo chidwi chinabwera pomalizira penipeni. Ine sindinadzione. Anandiona ndi mayi a kunyumba, Lamlungu lina atandipeza ndikukangana ndi neba pampanda za penate imene Maule anapatsidwa posewera ndi Manoma, mawu ali pamwamba, manja ali m'mwamba. Analowa m'nyumba akuseka. "Abambo, mwabwerera," anatero. Sabata yotsatira ndinapita kukwaya.

Pa nkhawa ndiwapatsa theka. Mantha a usiku, aja ogona n'kumawerengetsa ngongole mpaka mbandakucha, anatha chifukwa tulo timabwera tisanayambe masamu. Koma masana foni ikalira mtima unkadumphabe, ndipo mankhwalawa pawokha amathamangitsa mtima pang'ono, ndiye nthawi zina sindinkasiyanitsa ngati ndikuopa kapena ndi m'bulu wadzulo. Chimene chinagwira nkhawa yanga kwenikweni ndi kukhala pansi ndi mlangizi wa pachipatalapo, amene amatsata njira yofanana ndi ya Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare mu 2006, yoti agogo ophunzitsidwa azimvetsera anthu pa benchi. Palibe zodabwitsa zimene ankachita. Tinkalemba mavuto onse pa pepala, n'kusankha limodzi lokha loti ndingalithe sabata imeneyo. Loyamba linali kuimbira foni makasitomala amene ndinawachedwetsera, ndisanadikire kuti aimbe iwo. Ambiri anangoti chabwino, tidikira. Mmodzi anabwera kudzatenga nsalu yake ali wokwiya, ndipo dziko silinathe. Ngongole ya kubanki m'khonde tinaibweza ndi oda ya yunifolomu za amayi a Mvano, osati ndi mapiritsi.

Za manyazi ndinene pang'ono. Mlamu wanga ataona dzina la mankhwalawa m'buku langa la kuchipatala anafufuza pa foni yake, n'kukauza abale kuti alamu ayamba kumwa mankhwala a ku Zomba. Kwathu kuno aliyense womwa mankhwala okhudza maganizo amamuika m'gulu limodzi ndi ogonekedwa ku Zomba Mental Hospital, ngati kuti kugonekedwa kumeneko n'kulakwanso. Mkulu wina wa mpingo anandiuza mwachikondi kuti nkhawa imatha ndi pemphero. Ndinawayankha kuti, "Abambo, inu a BP mumamwa m'mawa uliwonse musanapemphere, nanga anga alakwa chiyani?" Tinaseka tonse, ndipo sanabwerezenso.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri si mankhwalawo, koma kusowa kwake. Tsiku lina ndinaima pamzere kuyambira m'mawa, n'kufika pawindo n'kuuzidwa kuti atha, ndikagule. Unali mwezi woipa, m'thumba mulibe kanthu, ndipo ndinakhala masiku angapo osamwa. Palibe amene anandichenjeza pawindopo kuti awa si mankhwala osiya mwadzidzidzi. Mseru, mutu, thukuta, maloto oopsa, kupsa mtima ndi zinthu zopanda pake, ndipo moto wa kumapazi unabwerera wonse. Amitriptyline sachititsa chibaba monga fodya kapena mowa, sindinawalakelake, koma thupi likawazolowera limafuna kuti muwatsitse pang'onopang'ono. Mwayi wake ndi woti m'mafamase olipira ndi amodzi mwa mankhwala otsika mtengo, bola mupite ndi buku lolembedwa ndi dokotala. Nditafunsa mtengo wa pregabalin ndi duloxetine, amene amathandizanso ululu wa mitsempha, ndinangothokoza n'kutuluka. Panopa ndimapita kukatenga ena asanathe, ndipo timasunga kandalama pambali ka tsiku la "atha."

Ena amafunsa chifukwa chake sanandipatse fluoxetine, amenenso amapezeka m'zipatala za boma. Pa kukhumudwa ndi nkhawa ambiri amayambira ameneyo chifukwa sagonetsa kwambiri ndipo ndi wofatsa pa mtima, koma pa moto wa kumapazi sathandiza kwenikweni. Awiriwa musawaphatikize mwa nokha, chifukwa fluoxetine amachititsa kuti amitriptyline achuluke m'magazi. Tramadol, mankhwala amphamvu a ululu, nayenso sagwirizana ndi amitriptyline. Akaphatikizidwa akhoza kukomola munthu. Mowa umawirikiza tulo ndi chizungulire. Ndipo ngati ntchito yanu ndi ya kabaza, minibasi kapena ulonda wa usiku, auzeni adokotala poyamba pomwe, chifukwa kusinza kwanga kumathera pa msoko wokhota umene ndingathe kuusula, pomwe kwanu kuli anthu kumbuyo.

Pali chinthu chimodzi chimene adokotala ananena atandiyang'ana m'maso, ndipo ndichibwereza momwemo. Mankhwalawa akamwedwa mopyola muyezo amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo amapha, ndipo kwa mwana wamng'ono ngoziyo ndi yaikulu koposa. Chifukwa cha yankho langa pa funso lomaliza lija, miyezi yoyamba ankandipatsa ochepa ochepa, ndipo anapempha kuti azisunga ndi mayi a kunyumba. Poyamba zinandinyansa, bambo wamkulu kumapatsidwa m'bulu m'manja ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Lero ndikuona kuti anaganiza bwino, ndipo ngakhale pano amakhala m'sutikesi yokiya chifukwa zidzukulu zimatola chilichonse. Kwa achinyamata osakwana zaka 25 pali chenjezo lapadera loti masabata oyamba maganizo ofuna kudzivulaza akhoza kukula, choncho apabanja aziwayang'anira pafupi. Amene anadwalapo mtima posachedwa sayenera kumwa n'komwe.

N'chifukwa chake ndimakana kugawa. Pakhonde nkhani siibisika, ndipo anthu atamva kuti telala akugona bwino anayamba kubwera. Wosoka nsapato wa pafupi nane, wa zaka zoposa zanga, anandinong'oneza kuti, "Achimwene, mundigawireko awiri okha, mapazi akundisowetsa tulo." Ndinamuuza kuti mapazi oyaka ali ndi zifukwa zambiri: shuga, HIV, mankhwala a TB, mowa, kuchepa kwa mavitamini a B, ndipo mtima wake sindinaumvetsere ine. Anandinena kuti ndine woumira, tinakhala osalankhulana mpaka Loweruka, kenako anapita kukayezetsa.

Kwa munthu amene ali ndi ululu wa mitsempha womusowetsa tulo, maganizo n'kulowererapo, mtima wake uli bwino ndipo angathe kupirira masabata oyamba aja, ndinganene kuti awayese adokotala akawalemba. Kwa amene vuto lake ndi nkhawa yokha, kapena wokalamba amene amagwa kale ndi chizungulire, ndikanafunsa kaye ngati pali ena. Adokotala anga akuti pa maganizo ndipitirize kwa miyezi yosachepera 6 kuchokera pamene ndinayamba kupeza bwino, kenako tiyambe kutsitsa, ndipo za mapazi mwina nditsala pa mlingo wochepa kwa nthawi yaitali. Ulendo ukubwerawu ndikawapempha kuti tiyesere 50 mg sukulu zisanatsegulire mu September, chifukwa nyengo ya yunifolomu ndimafunika kukhala pa makina 6 koloko m'mawa, ndipo pa 75 sindinayambe ndakwanitsapo.